Za mbendera ya dzuwa loyera imene mwaipeza ku Bangula

Achimwene, mwafunsa ngati mbendera ya dzuwa loyera lathunthu imene mwaipeza m'sutikesi ya malume anu ku Bangula ndi ya nthawi ya atsamunda. Si yakale choncho ayi. Inayamba kuuluka pa 29 Julayi 2010, muulamuliro wa Bingu wa Mutharika, ndipo sinakwanitse ngakhale zaka ziwiri.

Nthawi ya Nyasaland, pamene Nsanje inkatchedwa Port Herald, mbendera inali nsalu yabuluu yokhala ndi kambendera ka Britain pakona, ndi chithunzi cha nyalugwe ataima pathanthwe, dzuwa likutuluka kumbuyo kwake. Ambiri amaganiza kuti dzuwali linabwera ndi ufulu, koma linalipo kale. Atsogoleri a 1964 anasiya nyalugwe uja, natenga dzuwa lokha n'kuliika pamitundu itatu ya chipani cha Malawi Congress: wakuda pamwamba woimira anthu a mu Africa, wofiira pakati woimira magazi a amene anafera ufulu, monga aja timawakumbukira pa 3 Malichi, ndi wobiriwira pansi woimira zomera za m'dziko lathu. Imeneyo ndiyo inakwezedwa pa 6 Julayi 1964, ili ndi dzuwa lofiira lotuluka kumene, lokhala ndi malawi 31.

Mu 2010 boma linanena kuti dziko latukuka, choncho sikoyenera kuti tizionetsabe dzuwa la m'bandakucha ngati kuti tidakali poyambira. Linakweza mtundu wofiira pamwamba, wakuda n'kubwera pakati, ndipo pa wakudawo linaikapo dzuwa loyera lathunthu la malawi 45. Ife a kuchigwa kuno tinaiona bwino mbenderayi, chifukwa ndi imene inkauluka mu Okutobala chaka chomwecho potsegulira doko la Nsanje. Ine ndinkaphunzitsa pasukulu ina pafupi ndi Nchalo, ndipo ndikukumbukira ana a Sitandade 4 akufufuta dzuwa lofiira m'makope mwawo, ena mpaka kuboola pepala, poti choyera pa chakuda sichijambulika ndi pensulo. Kunena zoona, anthu ambiri sanailandire, makamaka chifukwa ankaona kuti sanafunsidwe mokwanira, ndiponso chitukuko chinkanenedwacho sichinkaoneka m'matumba mwawo. Bingu atamwalira mu Epulo 2012, Nyumba ya Malamulo inavomereza pa 28 Meyi kuti mbendera ya 1964 ibwerere, muulamuliro wa Mayi Joyce Banda.

Mukadzapita kuchipata cha Marka mudzayerekeze yathuyi ndi ya anzathu a ku Mozambique, imene ili ndi mfuti, khasu ndi buku, popeza iwo ufulu wawo anaupeza pomenya nkhondo ya zida.

Ya malume anuyo musaikweze pamtengo, poti si mbendera ya dziko tsopano, komanso musaitaye. Muiike m'pulasitiki pamalo okwera, chifukwa mukudziwa nokha mmene madzi a Shire amalowera m'nyumba ku Bangula.