Boti la mafiti 14 silokwana pa Lake Erie

Achimwene, mwafunsa ngati boti la aluminiyamu la mafiti 14 ndi injini ya mphamvu ya 25 hp (horsepower) lingakwane kuwedzera nsomba zotchedwa walleye pa Lake Erie muli anthu atatu. Ayi ndithu, chonde musayese.

Erie ndiyo yosaya kwambiri pa nyanja zisanu zikuluzikulu za ku North America. Kumadzulo kwake, komwe walleye amachuluka, kuya ndi mamita 7 kapena 8 basi. Madzi osaya chonchi mphepo ikawomba amautsa msanga mafunde afupiafupi, omenya motsatizana, ndipo boti laling'ono limamwa madzi kumbuyo kumene kwalemera ndi injini, mabatire ndi woyendetsa. Pezani la pansi posongoka, lomwe amati deep-V, la mafiti 17 kapena 18 kupita m'tsogolo. Makampani a Lund, Alumacraft ndi Crestliner amapanga otere, ndipo akaunjika amapezeka.

Za injini, werengani kachitsulo komata pafupi ndi chiwongolero. Kamanena mphamvu yomaliza imene botilo lingalandire. Musapyole nambalayo, koma musatsikenso kwambiri: ngati palembedwa 150, yochepetsetsa ikhale 115. Ambiri amaphonya apa pofuna kupulumutsa ndalama. Injini yofooka imalephera kudzutsa boti lodzaza, limangoyenda mphuno ili m'mwamba, mafuta n'kumapita, ndipo mitambo ikada mulibe liwiro lothawira kumtunda. Yezaninso thabwa lakumbuyo. La mainchi 20 limafuna mwendo wa injini wa mainchi 20, la 25 wa 25. Mwendo ukafupika, propela imagwira mpweya pokhota.

Koma injini yaikulu ntchito yake ndi kukufikitsani basi. Walleye amagwidwa mukukoka nyambo pang'onopang'ono: mamailosi 1 mpaka 1.5 pa ola ngati ndi nyongolotsi pa spinner (mbedza ya kachitsulo kozungulira m'madzi), 1.5 mpaka 2.5 ngati ndi crankbait (nyambo yopanga yooneka ngati kansomba). Injini ya 150 nthawi zambiri imathamangabe kuposa apo ngakhale mwaitsitsiratu. N'chifukwa chake pambali pake amamangirira kainjini ka 9.9 hp, kenako kutsogolo mota yamagetsi ya 24V yokankha mapaundi 80, ya mwendo wa mainchi 60 kuti isamavuuke pa mafunde. Ndalama zikachepa, yambani ndi matumba awiri a drift sock, omwe boti limakoka m'madzi, amachepetsa liwiro bwino.

Boti la mafiti 14 lija ndi labwino pa nyanja zing'onozing'ono za ku Ontario (Canada) kapena Minnesota (America), anthu awiri. Musanagule lalikulu, onani kaye ngati galimoto yanu ingakoke boti, injini, mafuta ndi ngolo yake pamodzi.