Thadzi lokanika kuikira

Mayi, mwati thadzi lanu likungokhala pansi, kumbuyo kwatupa, likukankha koma dzira osatuluka? Dziralo lakakamira mkati, musachedwe nalo, zimafa msanga izi. Thadzilo liyikeni m'beseni la madzi ofunda, kumbuyo kokhako, mphindi 20, mukatero mulipukute liume bwinobwino, mukudziwa kale kuzizira kwa Mzuzu kuno. Pakani timafuta tophikira potulukira dzirapo koma chonde osafinya ayi, likangoswekera mkati basi nkhuku mwaluza. Lisungeni palokha m'dengu pamdima, zinzake zikaona kanyama kofiira katuluka zimajompha zedi. Sinjani makoko a mazira muthire m'chakudya, gaga yekhayu sakwanira kwa nkhuku yoikira. Kukacha lili chimodzimodzi thamangani nalo kwa alangizi a ziweto.