Kukonzekera mayeso a chiphaso choyendetsera malo oyeretsera madzi ku America

Ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene anagwira ntchito zaka zingapo pamalo oyeretsera madzi ku Malawi, ndipo tsopano akukhala ku America. Apeza ntchito pa siteshoni ya madzi akumwa ngati wophunzira, koma auzidwa kuti sangasiyiridwe makina paokha mpaka atakhoza mayeso a chiphaso. Akufunsa kuti ayambire pati kuwerenga, popeza ntchito amaidziwa kale koma mabuku awachulukira.

Bambo, choyamba dziwani kuti ku America kulibe chiphaso chimodzi cha dziko lonse. Lamulo la Safe Drinking Water Act la 1974, litakonzedwanso mu 1996, linalamula bungwe la boma loona za chilengedwe la EPA kuti lipereke malangizo, koma chigawo chilichonse chimayendetsa chokha ziphaso zake, magiredi ake ndiponso zaka za ntchito zimene munthu ayenera kukwanitsa. Choncho musanagule buku, funsani ku ofesi yoona za ziphaso m'chigawo chanu kuti mulemba mayeso ati. Zigawo zambiri zimagwiritsa ntchito mayeso a bungwe la Water Professionals International, lomwe kale linkatchedwa Association of Boards of Certification (ABC), ndipo bungweli limafalitsa mndandanda wa zofunika kudziwa pa giredi iliyonse pamodzi ndi pepala la mafomyula. Zinthu ziwirizi zikhale pathebulo panu kuyambira tsiku loyamba. Mabuku ophunzitsira ntchitoyi a ku California State University, Sacramento, ndi odalirika, koma muwawerenge motsatira mndandanda uja.

Nkhawa yanga yayikulu pa inu ili pa masamu, osati chifukwa ndi ovuta, koma chifukwa mutu wanu unazolowera malita ndi makilogalamu. Kwathu kuwerengera klorini n'kosavuta: muchulukitsa mamiliyoni a malita pa tsiku ndi mlingo wa mg/L (mamiligalamu pa lita), ndipo makilogalamu atuluka pomwepo. Ku America madzi amayezedwa m'mamiliyoni a magaloni pa tsiku, mankhwala m'mapaundi, ndiye pamalowa nambala ya 8.34, yomwe ndi kulemera kwa galoni imodzi ya madzi m'mapaundi. Kumbukiraninso kuti galoni ya ku America ndi malita 3.785, pomwe ya ku Britain ndi malita pafupifupi 4.5.

Tiyeni tione funso limodzi bwinobwino. Siteshoni imayeretsa magaloni 2 miliyoni pa tsiku. Madziwo amadya klorini wokwana 1.7 mg/L, ndipo mukufuna kuti patsale 0.8 mg/L. Mlingo wothira ndi kuphatikiza ziwirizi, womwe ndi 2.5 mg/L. Mukachulukitsa 2 ndi 2.5 ndi 8.34 mupeza mapaundi 41.7 pa tsiku. Apa ndi pamene ambiri amagwera, chifukwa 41.7 imakhala itakudikirirani pakati pa mayankho osankhapo, pomwe funso linanena kuti mukugwiritsa ntchito klorini wa ufa wa mphamvu ya 65 peresenti. Muyenera kugawa 41.7 ndi 0.65, ndipo yankho lolondola ndi mapaundi pafupifupi 64. Munthu woteroyo salephera chifukwa chosadziwa ntchito, koma chifukwa anasiya kuwerenga funso lisanathe. N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti tsiku lililonse musove mafunso asanu ndi pensulo, mukulemba muyezo pambali pa nambala iliyonse ndi kufufuta miyezo yofanana mpaka patsale umene funso likufuna. Mafunso asanu tsiku ndi tsiku kwa miyezi iwiri adzakuthandizani kuposa kuchezera usiku wonse mayeso atayandikira.

Pa malamulo, pali manambala ochepa oyenera kuloweza pamtima. Madzi a mumtsinje kapena m'nyanja akayeretsedwa, klorini wotsala polowa m'mapaipi asatsike pansi pa 0.2 mg/L, ndipo malire apamwamba ndi 4.0 mg/L. Kuvunduka kwa madzi otuluka m'masefa wamba kusapitirire 0.3 NTU (muyezo wa kuvunduka kwa madzi) pa miyeso 95 mwa 100 iliyonse ya pamwezi. Mukadzafuna chiphaso cha madzi a suweji, chomwe chimakhala chapadera, mudzakumana ndi lamulo la Clean Water Act la 1972 ndiponso BOD (kuchuluka kwa okosijeni amene tizilombo timagwiritsa ntchito powoletsa zinyalala za m'madzi), imene imayezedwa kwa masiku 5 pa madigiri 20 a Celsius.

Zotsalazo muziphunzirire pa siteshoni pomwepo, pakuti mwayi umenewu muli nawo kale. Mukawerenga za kuundana kwa litsiro, pemphani kuti muchite nokha jar test (kuyesa milingo yosiyanasiyana ya mankhwala pa madzi a m'timitsuko), muone ndi maso mmene timibulu timakulira ndi kutsikira pansi mukasintha mlingo wa alum, mankhwala oundanitsa litsiro. Yezani thanki yodikhitsira madzi, muwerengere magaloni ake pogwiritsa ntchito magaloni 7.48 pa cubic foot iliyonse (futi imodzi m'litali, m'lifupi ndi kuya), kenaka mugawe ndi madzi olowa pa ola kuti mupeze nthawi imene madzi amakhalamo. Mukapeza yankho, kaliyerekezeni ndi nambala yolembedwa m'mabuku a siteshoni yanu, ndipo ngati zasiyana mufunse mkulu wa shifiti kuti muone limodzi pamene pakhota.