Funsani Azakhali: Filimu ya mabatani ija ndi yoyenera ana?

Funso: Azakhali, mwana wanga wa zaka 11 akundivutitsa kuti tionere limodzi filimu ya ku France yotchedwa La Guerre des boutons, akuti aphunzitsi ake a French ndi amene anawauza. Ine ndangoona kachidutswa pafoni, ana akumenyana ndi ndodo ena ali mbulanda. Kodi sindimuphunzitsa ndewu mwanayu? Ndine mayi wodandaula.

Yankho: Mayi, onerani naye koma musamusiye yekha. Ngati ili ya black and white ndi ya 1962 imeneyo, anaikonza Yves Robert kuchokera m'buku la Louis Pergaud la 1912.

Ndi nkhani ya anyamata a midzi iwiri yoyandikana, Longeverne ndi Velrans, akangoweruka kusukulu amakakumana kutchire n'kumagendana ndi malegeni, chidani chongochipeza kwa makolo. Akagwira mdani amamudula mabatani onse, lamba, mpaka zingwe za nsapato, ndiye mwana uja azipita kwawo atagwirizira kabudula ndi manja akudziwa kuti kunyumba kukumudikira chikwapu. Za mbulandazo ndi nzeru za Lebrac, mtsogoleri wa a Longeverne, kuti adaniwo asowe chodula basi, palibe zolaula.

Ine chimandiwawa mufilimuyi ndi akuluakulu. Anawa amaopa makolo awo kuposa adani, Lebrac bambo ake amamumenya mpaka mwana kuthawira kutchire, ndipo pena pake akuluakulu amamwetsa mowa kamwana kakang'ono Petit Gibus iwo n'kumaseka. Palinso pamene anyamata amamenya mnzawo mopanda chisoni chifukwa anaulula malo a msasa wawo, apo ndiye imitsani kaye filimu mumufunse mwana wanu kuti akanakhala iye akanatani, mwina mumva zomwe zimachitika kusukulu kwake zimene sanakuuzenipo. Kutukwana kuliponso pang'ono, dziwiranitu.

Kumapeto Lebrac ndi mdani wake wamkulu Aztec onse amawatumiza kusukulu yogonera konko, amakakumana kumeneko ndipo chidani chonse chija chimatha.

Pofunafuna musasokonezeke, mu September 2011 kunatuluka mafilimu ena awiri a nkhani yomweyi motalikirana sabata imodzi yokha, ya Yann Samuell ndi ya Christophe Barratier. Ya Barratier nkhani anaiika mu 1944 nthawi ya nkhondo, muli mtsikana wachiyuda amene akumubisa m'mudzi, ndiye muyenera kumufotokozera zambiri. Wa zaka 11 ayambire ya 1962 yomweyo.