Mabakiteriya a mileme komanso a tizilombo toyamwa magazi ake: mitundu yambirimbiriyi ndi yeniyeni?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa wophunzira wina wa sayansi ya zamoyo. Akufunsa motere: "Ndawerenga kuti mileme ndi ntchentche zake zili ndi mitundu yambiri ya bakiteriya wotchedwa Bartonella, ndipo kafukufuku aliyense amapeza mtundu watsopano. Kodi n'zoona, kapena ofufuza amangowerengera molakwika? Ndipo nditafuna kufufuza zimenezi, ndiyambire pati?"

Achimwene, mwafunsa bwino, ndipo zonse ziwiri zimachitika. Mitunduyo ndi yambiridi, koma ina imachulutsidwa ndi njira yoyezera.

Bartonella amakhala m'maselo ofiira a magazi ndi m'makoma a mitsempha, ndipo amatha kukhala miyezi yambiri m'thupi la mleme popanda mlemewo kuoneka wodwala. Kafukufuku wa ku Kenya yemwe anasindikizidwa mu 2010 anayeza mileme ya mitundu 13, ndipo bakiteriyayu anamera kuchokera m'magazi a mileme 106. Chochititsa chidwi chinali chakuti mabakiteriyawo anagawikana motsata eni ake: a mleme wa Eidolon helvum paokha, a Rousettus aegyptiacus paokha, a Miniopterus paokha. Padziko lonse pali mitundu ya mileme yoposa 1,400. Mtundu uliwonse ukakhala ndi mabakiteriya ake kwa zaka zankhaninkhani, n'zosadabwitsa kuti mitundu ya mabakiteriyawo yachuluka chonchi.

Koma mleme pawokha sufotokoza zonse. Tiyenera kuyang'ana ntchentche zake. Za banja la Nycteribiidae zilibe mapiko, ndipo mukaiona ikuthamanga mu ubweya mungaganize kuti ndi kangaude. Za banja la Streblidae zambiri zili ndi mapiko. Zonsezi zimayamwa magazi pafupipafupi, zazimuna ndi zazikazi zomwe. Yaikazi siikira mazira. Imalera mphutsi imodzi m'mimba mwake mpaka itakhwima, kenako imatsika pa mleme n'kukaimata pakhoma la phanga kapena pa nthambi. Ikabwerera, sikuti nthawi zonse imakwera mleme womwe uja. Pamenepa ndi pomwe mabakiteriya amasinthira eni. Ntchentche imodzi ikayamwa mileme itatu, m'mimba mwake mumakumana mitundu ingapo ya Bartonella, ndipo mabakiteriyawa ali ndi tizinthu tonga mavairasi tomwe timanyamula zidutswa za DNA kuchoka kwa wina kupita kwa mnzake. Zotsatira zake ndi bakiteriya yemwe jini yake imodzi (chidutswa cha DNA chonyamula malangizo a chibadwa) ikuloza banja lina, inzake ikuloza banja linanso.

Ganizirani za ku Kasanka National Park ku Zambia, komwe mileme ya Eidolon helvum mamiliyoni ambiri imasonkhana kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka Disembala kudzadya masuku ndi zipatso zina. Imapanikizana pa nthambi mpaka nthambizo kuthyoka, ndipo ntchentche yake, Cyclopodia greefi, imangoyenda kuchoka pamsana wina kupita pa wina. Milemeyo ikabalalika, imapita ndi zomwe yatola mtunda wa makilomita mazanamazana.

Tsopano ku ntchito yeniyeniyo. Musanagwire mleme ngakhale umodzi, pezani chilolezo cha nthambi yoona za nyama zakutchire ndi cha komiti yoona za kafukufuku, ndipo bayitsani katemera wa chiwewe. Apa sindinyengerera. Rousettus aegyptiacus ndi mwini wake wa vairasi ya Marburg, yoyambitsa matenda oopsa ofanana ndi Ebola, ndipo zitosi za m'mapanga zimatha kukhala ndi fangasi yodwalitsa mapapo, choncho magolovesi ochindikala ndi masiki ya N95 zisakusoweni.

Mleme uliwonse ukhale m'thumba lakelake la nsalu. Mukaika iwiri pamodzi, ntchentche zisinthana, ndipo zomwe mudzalembe zokhudza mwini wa bakiteriya zidzakhala zabodza. Matumba achapidwe musanawagwiritsenso ntchito. Ntchentche zichotsedwe ndi kopanira, ziikidwe mu ethanol wa 95 peresenti, za mleme umodzi m'kabotolo kamodzi. Magazi asapyole 1 peresenti ya kulemera kwa nyamayo: mleme wa magalamu 10 ungapereke osapitirira mamililita 0.1, pomwe Eidolon, wolemera magalamu pafupifupi 300, angapereke mililita imodzi popanda vuto. Gwiritsani machubu a EDTA osati a heparin (onsewa ndi mankhwala oletsa magazi kuundana), chifukwa heparin amalepheretsa PCR, njira yochulukitsira kachidutswa ka DNA kuti kayezedwe. Tenganinso kachidutswa ka khungu la phiko ka mamilimita 3 kuti mudzatsimikize mtundu wa mleme ndi jini ya cytochrome b. Mitundu ya mileme ya m'gulu la Miniopterus imafanana kwambiri poiyang'ana, chimodzimodzi ya m'gulu la Hipposideros, ndipo dzina la mleme likalakwika, zonse zotsatira zalakwika.

Ku labotale, ntchentche itsukidwe kunja kaye isanaperedwe, apo ayi mudzawerengera mabakiteriya a pa ubweya ndi a m'manja mwanu. Pa gulu lililonse la zoyeza muikepo chubu chopanda kanthu, chongoyenda nazo njira yonse. Chikaonetsa mzere wosonyeza kuti muli DNA, gulu lonselo latayika.

Ambiri amayamba ndi jini ya gltA, kachidutswa ka zilembo za DNA pafupifupi 380. Muyeso womwe unaperekedwa mu 2003 umati mabakiteriya awiri ndi a mtundu umodzi ngati gltA yawo ikufanana ndi 96 peresenti kapena kuposa, ndipo rpoB ikufanana ndi 95.4 peresenti. Muyesowu ndi wothandiza, koma unapangidwira mabakiteriya omeretsedwa m'mbale, ndipo umafuna majini onse awiri. Anthu amaugwiritsa ntchito pa jini imodzi yotengedwa mwachindunji m'magazi, n'kulengeza mtundu watsopano. Pano ndi pomwe chiwerengero chimatupira. Jini ya 16S rRNA nayo siingakuthandizeni kusiyanitsa, pakuti mitundu ya Bartonella imafanana kwambiri pamenepo. Onjezerani ftsZ, rpoB ndi ITS, ndipo mujambule mtengo wa ubale wa jini iliyonse payokha musanaziphatikize.

Mitengoyo ikatsutsana, zifukwa zingakhale ziwiri, ndipo kuzisiyanitsa ndiye ntchito yaikulu. Mwina bakiteriyayo anatengadi jini kwa mnzake. Kapena mwina m'magaziwo munali mitundu iwiri, ndipo PCR ya gltA inagwira wina, ya ftsZ inagwira winayo. Mukalumikiza ziwirizo mupanga bakiteriya yemwe kulibe. Choncho musamangokopera zilembo zomwe makina atulutsa. Tsegulani chithunzi cha mafunde chomwe makinawo amajambula powerenga DNA, ndipo mukaona nsonga ziwiri zitasanjikizana pamalo amodzi kangapo, dziwani kuti muli chisakanizo. Chothetsa mkanganowu ndi kumeretsa: magazi owumitsidwa mufiriji n'kusungunulidwa, kuti maselo aphulike, amathiridwa pa agar wa magazi (chakudya cha mabakiteriya cha m'mbale) n'kusungidwa pa madigiri 35 ndi mpweya wa carbon dioxide wa 5 peresenti. Bartonella amamera mochedwa, mpaka milungu inayi, ndipo mbale zambiri zimawonongeka ndi nkhungu kapena kuuma nthawiyo isanakwane. Koma koloni imodzi yoyera, kutanthauza kagulu komera kuchokera kwa bakiteriya mmodzi yekha, imakupatsani DNA yonse ya bakiteriya mmodzi, zomwe zimaposa tizidutswa makumi asanu tokayikitsa.

Chenjezo lina: kupeza DNA ya Bartonella m'ntchentche sikutsimikiza kuti ntchentcheyo imafalitsa bakiteriyayo. Mwina mwangoyeza magazi omwe inayamwa dzulo. M'ntchentchezi mumakhalanso mabakiteriya akeake monga Wolbachia ndi Arsenophonus, omwe si a mleme konse.

Nanga anthufe tili pa chiopsezo? Ambiri mwa mabakiteriyawa sanapezekepo mwa munthu, koma ena apezeka. Bartonella mayotimonensis anadziwika koyamba mwa wodwala mtima ku America, kenako anapezeka m'mileme ya ku Finland. Ku Idanre m'dziko la Nigeria, komwe anthu amalowa m'mapanga kukagwira mileme pa chikondwerero chawo, magazi a ena anaonetsa kuti anakumanapo ndi Bartonella rousetti, yemwe wapezekanso m'mileme ndi ntchentche zake ku Zambia. Ku Zambia komweko, mu 2019 kunalengezedwa za munthu yemwe anatentha thupi atalumidwa ndi nkhupakupa zofewa m'phanga. M'magazi ake munapezeka bakiteriya wina watsopano wa gulu la Borrelia, yemwe anapezekanso m'nkhupakupa za Ornithodoros faini ndi m'mileme ya m'phangamo. Ineyo ndimaopa nkhupakupazi kuposa ntchentche, chifukwa ntchentche za mileme siziluma munthu kawirikawiri, pomwe nkhupakupa zimabisala m'ming'alu ya miyala n'kuluma aliyense wolowa. Izi si chifukwa chophera mileme kapena kuotcha mapanga ake. Ku Uganda, mileme ya mumgodi wa Kitaka itaphedwa, yomwe inabwera kudzakhalamo inapezeka ndi Marburg wochuluka kuposa kale.

Ngati ndalama zanu ndi zochepa, sankhani phanga limodzi, mtundu umodzi wa mleme ndi ntchentche yake, ndipo mupiteko nthawi ya dzinja ndi ya chilimwe. Lembani nambala imodzi pa thumba, pa chubu cha magazi, pa kachidutswa ka phiko ndi pa kabotolo ka ntchentche. Lembani ndi pensulo pa kapepala koponya m'kabotolomo, chifukwa ethanol amafufuta inki.