Funsani dokotala: Lenzi ya diso yasuntha chikuni chitandimenya

Funso: A dokotala, mwezi watha ndikuwaza nkhuni, chikuni chinadumpha n'kundimenya diso lamanja. Silinaphulike, koma kuyambira tsikulo ndikuona mwachimbuuzi, ndipo ndikatsinzina diso linalo zinthu zimaoneka ziwiriziwiri. Kuchipatala akuti lenzi yasuntha ndipo mpofunika opaleshoni. Kodi mankhwala odontheza sangandithandize? Bambo wa ku Dedza.

Yankho: Pepani bambo. Lenzi ndi kagalasi kamene kali kuseri kwa mwana wa diso, ndipo imagwiridwa ndi timaulusi tambirimbiri. Diso likamenyedwa mwamphamvu, ngakhale lisabooke, timaulusito timaduka, ndipo palibe mankhwala amene angatilumikizenso. A zitsamba ndiye musawayerekeze n'komwe, amangoonjezera matenda.

Zoyenera kuchita zimatengera kumene lenziyo yapita. Ngati yangopendekeka pang'ono, nthawi zina magalasi amakwanira, ife n'kumangoiyang'anira. Ikagwera kutsogolo imatseka njira ya madzi a m'diso, moti diso limalimba, limafiira n'kumapweteka mpaka munthu kusanza, ndipo mukaona zimenezi pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mtsempha woonera ukafa sudzukanso. Ikagwera kumbuyo, dokotala wa retina (kachikopa ka m'kati kumbuyo kwa diso kamene kamalandira kuwala) amachita opaleshoni yotchedwa vitrectomy, imene amayamba wachotsa madzi olimba a mkati mwa diso asanatulutse lenziyo.

Apa ndi pamene opaleshoni yanu ikusiyana ndi ya ng'ala imene ambiri mukuidziwa. Pa ng'ala, lenzi yochita kupanga timaiika m'kathumba ka lenzi yakale, koma kwa inu kathumbako kangakhale kopanda pogwira. Ngati timaulusi tambiri tatsala, timaikamo kamphete kolimbitsa kathumbako. Ngati taduka kwambiri, lenzi yatsopano timaisokerera ku mbali yoyera ya diso kapena kuikoleka pa mbali yakuda. Osaika lenzi n'komwe, mungafunike magalasi okhuthala a mphamvu pafupifupi +10, ndipo sindiwalimbikitsa kwa munthu amene diso linalo lili bwino, popeza maso awiriwo amaona zinthu zosiyana kukula.

Kuti mudzaona bwanji pambuyo pake zidalira ngati chikunicho chinavulazanso retina, n'chifukwa chake ayenera kukupimani kumbuyo kwa diso opaleshoni isanachitike. Pemphani kalata yokutumizani ku chipatala cha maso cha ku Nkhoma kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Mukachira, muzikapimitsa diso limeneli chaka ndi chaka, chifukwa matenda a glaucoma, amene amaononga mtsempha woonera, amatha kubwera patapita zaka zambiri chivulalireni.