Kodi DNA imamanga mfundo? Yankho kwa mchemwali wa pa Chirunga

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana amene akuphunzira sayansi ya zamoyo pa Chirunga, kuno ku Zomba. Anafunsa kuti: "Achimwene, kuyambira kusekondale anatiphunzitsa kuti DNA ili ngati makwerero opota. Pano ndamva kuti nthawi zina imapinda mfundo kapena kupotokera kumanzere. Kodi ndi ngozi chabe m'selo, kapena zimakhudza mmene majini amagwirira ntchito?"

Achemwali, aphunzitsi anu sananame. Maonekedwe amene James Watson ndi Francis Crick anafotokoza mu 1953, mothandizidwa ndi zithunzi za Rosalind Franklin, ndiwo amapezeka m'mbali yaikulu ya DNA yathu. Koma chithunzi cha m'buku chimaonetsa DNA itagona phee, pomwe m'selo yamoyo imakhala ikutsegulidwa, kukokedwa ndi kupotedwa nthawi zonse.

Tengani chingwe cha khonje chomangira mbuzi, chija cha zingwe ziwiri zopotana. Chimangeni mbali zonse, mulowetse chala pakati pa zingwezo n'kumachikankha. Kutsogolo kwa chala chingwe chithina, kumbuyo chikhwefuka. RNA polymerase, puloteni yokopera uthenga wa jini, imachitanso zomwezo ikamayenda pa DNA. Pokhwefukapo m'pamene maonekedwe achilendo amapezera mpata.

Z-DNA, yopotokera kumanzere ija, inaoneka koyamba mu 1979 mu labotale ya Alexander Rich pa yunivesite ya MIT ku America. Imakonda pamene zilembo C ndi G, ziwiri mwa zilembo zinayi zolembera uthenga wa DNA (A, C, G ndi T), zikusinthana, ndipo pali mapuloteni ngati ADAR1 ndi ZBP1 amene amaizindikira n'kuigwira. Selo ikakhala ndi puloteni yozindikira chinthu, ine sindichiyesanso ngozi.

Koma chimene chimandikoka mtima ndi G-quadruplex. Pamene ma G achulukana pa chingwe chimodzi, anayi amagwirana n'kupanga kabwalo kafulati ka ngodya zinayi. Timabwalo totere timasanjikizana ngati njerwa, potaziyamu atakhala pakati kuti tisagumuke. Mfundo zimenezi zimapezeka kumapeto kwa makromozomu, mitolo ya DNA ya m'selo, kumene zilembo TTAGGG zimabwerezedwa, komanso pachipata cha majini ambiri, pamene amati promoter, pomwe kukopera kumayambira.

Limodzi mwa majiniwo ndi MYC, lolamula selo kuti igawikane. Dzinali lisatipite ife Amalawi. Khansa ija yotupitsa ana nsagwada kapena mimba, imene Denis Burkitt anaifotokoza ku Uganda mu 1958, imayamba MYC ikadumphira pamalo olakwika, kawirikawiri kuchoka pa kromozomu 8 kupita pa 14, n'kumagwira ntchito osapuma. Mfundo si imene imayambitsa khansayo, koma aliyense amene anaonapo mayi atabereka mwana wotupa tsaya m'chipatala amvetsa chifukwa chake anthu akufunafuna njira yotontholetsera jini limeneli. Mu 2002 gulu la Laurence Hurley ku Arizona linaonetsa kuti kulimbitsa mfundo ya pachipata cha MYC ndi mankhwala kumachepetsa kukopera kwa jinilo. Ambiri anangoti basi, mfundo ndi buleki.

Nkhani sinathere pompo. Mu 2013 gulu la Shankar Balasubramanian ku Cambridge linaziona mfundozi m'maselo a munthu. Mu 2015 anapeza malo oposa 700,000 amene angathe kupinda mfundo DNA ikakhala yokhayokha mu labotale. Chaka chotsatira anayang'ana DNA mmene imakhalira m'selo, yokulungidwa pa mapuloteni ake, ndipo anapeza malo pafupifupi 10,000 okha. Ambiri mwa malowo anali pazipata za majini amene akugwira ntchito kwambiri, osati ogona. Buleki yanji yopezeka pa galimoto zothamanga zokhazokha?

Kumvetsa kwanga n'kwakuti mfundo imatha kuchita ziwiri. Ikakhala panjira ya polymerase n'kukana kumasuka, imaipunthwitsa. Ikakhala pachipata, imatha kusunga malowo ali otseguka, n'kukhala pogwirira mapuloteni oyambitsa kukopera. Chimene chichitike chimadalira malo, chingwe chimene yakhalapo, ndi puloteni imene yafika. Selo ilinso ndi omasula mfundo ake, ma helicase ngati BLM ndi WRN. Amenewa akawonongeka, pamabwera matenda a Bloom ndi Werner, momwe DNA imaduka ndi kusokonekera kwambiri.

Chingwe choyang'anana ndi cha ma G chija chimakhala ndi ma C ochuluka, ndipo nacho chimapinda mfundo yake yotchedwa i-motif, imene akatswiri a ku Sydney anaiona m'maselo a munthu mu 2018. Palinso matenda a Friedreich's ataxia, ofooketsa mayendedwe, momwe zilembo GAA zimabwerezedwa mopitirira muyeso mpaka jini la frataxin silikoperedwa bwino. Malo oterowo amatha kupotana zingwe zitatu.

Za mankhwala, achemwali, musathamange nazo. Mfundo za G zimafanana kwambiri, ndiye mankhwala ofuna kugwira ya MYC amakagwiranso zina masauzande m'maselo abwinobwino. Mukamasankha mutu wa kafukufuku wa chaka chomaliza, vuto la kusiyanitsa mfundo imodzi ndi inzake likadali poyera.